Kusankha oyilo woyenera njinga yamoto: zoti muwerenge pa botolo musanatulutse ndalama

Njinga yamoto ya 100cc, 125cc kapena 150cc, ngati zimene zadzaza m'masiteji a kabaza ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, imalowa oyilo pafupifupi lita imodzi basi. Lita imodziyo imagwira ntchito zitatu nthawi imodzi. Imafewetsa pisitoni ndi zitsulo zonse za mu injini, imathirira mano a magiya, ndipo mbale za klatchi zimagwira ntchito zili zonyowa ndi oyilo yemweyo. Pa galimoto ntchito zimenezi n'zogawana: injini ili ndi oyilo wake, giyabokosi ili ndi wake, ndipo klatchi ya galimoto ya magiya apamanja ndi youma. Kuwonjezera apo, njinga zambiri za kuno zilibe radiyeta. Zimazizira ndi mphepo, choncho oyilo ndi amene amanyamula kutentha kwa m'kati n'kukutulutsira kunja.

N'chifukwa chake oyilo amene ndi wabwino kwambiri pa galimoto akhoza kukuphetsani klatchi pa njinga. Kusankha bwino sikufuna sukulu. Kumafuna kuti mutembenuze botolo, muwerenge zizindikiro zingapo, ndipo musalole kuti wogulitsa akusankhireni pongotengera chimene chamutsalira pa shelefu.

Choyamba: dziwani mtundu wa injini yanu

Njinga zambiri zimene zikugulitsidwa masiku ano, monga Bajaj Boxer, TVS, Honda, Lifo ndi Kinglion, ndi za four-stroke. Oyilo wake amakhala pansi pa injini, amazungulira n'kubwerera, ndipo botolo lake limalembedwa 4T.

Koma za two-stroke zikadalipo, makamaka Yamaha DT ndi AG100 zimene alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo ankayendera kumidzi. Izi zimafuna oyilo wolembedwa 2T, amene amasakanikirana ndi petulo n'kupsera limodzi. Pa DT amathiridwa m'kathanki kake, ndipo pampu yaing'ono imamupereka mu injini. Pa botolo la 2T funani zilembo za JASO FC kapena FD (JASO ndi muyezo wa oyilo wa ku Japan), chifukwa ameneyo satulutsa utsi wambiri komanso sadzaza mwaye mu ekizozi. Mukathira 4T m'kathanki ka 2T, pulagi imada msanga ndipo mwaye umaundana pa pisitoni. Mukathira 2T mu injini ya four-stroke, ndiye mwaika oyilo amene sanapangidwire kunyamula magiya. Musaiwale kuti two-stroke ilinso ndi oyilo wina wa m'giyabokosi, amene ndi wosiyana ndi wa m'kathanki.

Mtundu wachitatu ndi scooter yosasintha magiya. Yake tiikamba tikafika pa klatchi.

Chachiwiri: funsani buku la njinga, osati anzanu a pasiteji okha

Kabuku kamene kamabwera ndi njinga yatsopano kamanena zinthu zinayi: kulemera kwa oyilo (kukhuthala kwake), gulu la API (muyezo wa ku America wa ubwino wa oyilo), gulu la JASO ndi kuchuluka kwake. Mwachitsanzo, mabuku a njinga zambiri za Honda amanena 10W-30, API SG kapena kuposera apo, JASO MA. TVS nayo imakonda 10W-30 pa njinga zake zing'onozing'ono, pamene njinga zambiri za Bajaj zozizira ndi mphepo zimalembedwa 20W-50. Onani kuti njinga ziwiri zofanana kukula, zoima pasiteji imodzi, zikhoza kufuna oyilo wosiyana. Mnzanu akakuuzani kuti iye amathira wakutiwakuti, mufunseni kaye kuti akuyendetsa chiyani.

Ngati munagula njinga yakale ndipo kabukuko kanasowa kalekale, yang'anani pa injini pafupi ndi pothirira oyilo. Pa njinga zambiri kuchuluka kwake kumakhala kodindidwa pa chitsulo pomwepo, monga 1000 ml kapena 1.0 L. Zina zimakhala ndi kapepala komata pa chotchingira tcheni kapena pansi pa mpando. Mabuku a mitundu yodziwika amapezekanso pa intaneti, mukalemba dzina ndi nambala ya njingayo.

Chachitatu: mvetsani manambala awiri aja

Pa nkhope ya botolo pamalembedwa manambala ngati 10W-30, 10W-40 kapena 20W-50. Muyezo umenewu ndi wa bungwe la ku America lotchedwa SAE. Nambala yoyamba, ya W, imanena mmene oyilo amayendera injini ili yozizira. Ikakhala yaing'ono, oyilo amafika msanga kumutu kwa injini mukangoliza m'mawa. Nambala yachiwiri imanena kulemera kwake atatentha, ndipo amayezera pa madigiri 100. Ikakhala yaikulu, oyilo amakhalabe wokhuthala injini itapsa.

Ganizirani mafuta ophikira: m'mawa wa mu June amatuluka m'botolo monyinyirika, koma akafika pa chiwaya chotentha amayenda ngati madzi. Oyilo wa injini amachitanso chimodzimodzi, ndipo manambala awiriwa akukuuzani khalidwe lake kumbali zonse ziwirizo.

Tsono nyengo ya kwanu ilowa bwanji? Wa kabaza wa ku Nsanje kapena Chikwawa, kumene mu October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, amene amanyamula anthu ndi matumba a makala tsiku lonse, injini yake imagwira ntchito itapsa kwambiri. Ngati buku lake limalola 10W-40 ndi 20W-50 yemwe, ine ndingamulangize wolemerayo. Wa ku Dedza kapena Mzuzu amene amaliza njinga 5 koloko m'mawa mu July, 10W-40 imuthandiza kwambiri, chifukwa zitsulo zimadyeka koposa pa timasekondi toyamba pamene oyilo sanakwere kumutu. Koma nyengo imangokuthandizani kusankha pakati pa zimene buku lalola. Siikupatsani ufulu wodumpha malire a bukulo.

Pali chikhulupiriro chofala chakuti oyilo wokhuthala ndiye wamphamvu. Mudzaona munthu akuviika chala m'botolo, n'kupaka pa chala chamanthu, n'kugwedeza mutu kuti uyu ndi madzi. Chala sichingayeze chimene chimachitika pa madigiri 100. Injini yopangidwira 10W-30 ili ndi timipata ting'onoting'ono ndi tinjira topapatiza. Mukaipatsa oyilo wolemera kwambiri amachedwa kufika pamene akufunika, njinga imalemera pokoka, petulo n'kumatha msanga. Pamene oyilo wolemera amathandizadi ndi pa injini yokalamba imene yayamba kudya oyilo ndi kutulutsa utsi wabuluu. Amachepetsako utsiwo kwa kanthawi, ngakhale kuti mankhwala ake enieni ndi kusintha malingi a pisitoni.

Palinso oyilo wa nambala imodzi, wolembedwa SAE 40 yokha, amene amatsika mtengo. Injini ikatentha amagwira ntchito, koma m'mawa amakhala wolemera kwambiri, ndipo nthawi zambiri amakhala wa gulu lakale la API. Pa njinga imene mumazimitsa ndi kuliza kambirimbiri pa tsiku, musiyeni.

Chachinayi: funani JASO MA, ndipo apa musanyengerere

Ichi ndi chizindikiro chimene ambiri amachidumpha, pamene ndi chimene chimasiyanitsa oyilo wa njinga ndi wa galimoto. Makampani opanga oyilo wa magalimoto atayamba kuthiramo mankhwala oterereka kwambiri kuti galimoto isamamwe petulo wambiri, njinga zinayamba kuvutika ndi klatchi. Opanga njinga a ku Japan anakhazikitsa muyezo wawo wa JASO T903 mu 1998, umene unagawa oyilo wa 4T m'magulu awiri, MA ndi MB. Mu 2006 gulu la MA linagawidwanso kukhala MA1 ndi MA2.

Kwa inu tanthauzo lake ndi ili. Ngati njinga yanu ili ndi magiya osintha ndi phazi, klatchi yake ili m'kati mwa oyilo, ndipo ikufuna MA, MA1 kapena MA2. MA2 ndi amene amagwiritsa mbale za klatchi mwamphamvu koposa, ndipo ndi woyenera kwambiri njinga yonyamula katundu ndi kukwera zitunda. MB ndi woterereka. Anapangidwira ma scooter a lamba, amene klatchi yawo ili panja pa oyilo. Mukathira MB pa Boxer kapena Lifo, mwaitana vuto ndi manja anu.

Klatchi yoterereka imadziwika motere. Muli pa giya yachitatu kapena yachinayi pa chitunda, tinene pokwera kuchokera ku Thabwa kupita ku Blantyre, muli ndi wokwera kumbuyo. Mukupotokola moto, injini ikulira mokweza, koma njinga siikuwonjezera liwiro. Mukaima, pambali pa injini pamamveka fungo la chinthu chopserera. Mbale zikaterereka motero kwa masiku angapo zimapsa n'kusalala, ndipo zikafika pamenepo kusintha oyilo kokha sikuzibweza. Ambiri amathamangira kukoka waya wa klatchi kapena kugula mbale zatsopano, n'kuthiranso oyilo yemwe uja wa galimoto, mbale zatsopanozo n'kupsanso.

Tembenuzani botolo kumbuyo. Mukaona kachizindikiro kozungulira ka API kolembedwa m'munsi mwake kuti Energy Conserving kapena Resource Conserving, bwezani pa shelefu. Ameneyo ndi wa galimoto. Mukaona JASO MA kapena MA2, kaya m'kabokosi kaya m'mizere ya mawu, ndi wanu.

Nanga oyilo wa dizilo wa 15W-40, amene amapezeka pafupifupi pa filing'i siteshoni iliyonse? Alipo ena a mtundu umenewu amene analembedwanso JASO MA, ndipo amenewo palibe vuto. Wopanda chizindikirocho mungathire ngati oyilo wakutherani pakati pa njira kutali ndi tawuni, chifukwa kuyenda ndi oyilo wosayenera n'kwabwino kuposa kuyenda opanda oyilo, koma mukafika mukhetse.

Chachisanu: gulu la API

Apa sipovuta. Zilembo zoyamba ndi S ndi za injini za petulo, zoyamba ndi C ndi za dizilo. Chilembo chachiwiri chikamapita kutsogolo, muyezo umakhala watsopano: SG, SJ, SL, SM, SN. Tengani chimene buku lanena kapena choposa pamenepo, malinga JASO MA ilipo. Botolo lolembedwa SA, SB kapena SC, kapena losalembedwa chilichonse, musaliyandikire. Oyilo wotero alibe mankhwala okwanira otsuka ndi kuteteza injini.

Chachisanu ndi chimodzi: mineral, semi-synthetic kapena synthetic

Mawu awa amanena za kapangidwe ka oyilo. Mineral ndi woyengedwa kuchokera ku mafuta apansi ndipo ndi wotchipa. Synthetic amapirira kutentha kwambiri ndipo amachedwa kuwonongeka, koma mtengo wake ndi wokwera. Semi-synthetic ndi wosakaniza.

Maganizo anga ndi akuti pa njinga ya kabaza ya 100cc mpaka 150cc, mineral kapena semi-synthetic wa 4T weniweni, wosinthidwa pa nthawi yake, ndi wokwanira. Chifukwa chake n'chakuti injini zambiri zoterezi zilibe sefa ya pepala. Zili ndi kasefa ka waya ndi kachitsulo kozungulira kamene kamataya zinyalala m'mbali. Fumbi la m'misewu yathu ya dothi, tizidutswa ta mbale za klatchi ndi petulo wodontha zimalowabe mu oyilo, kaya ndi wodula motani. Kugula synthetic n'cholinga choti mukhale naye miyezi yambiri ndi kudzinamiza. Koma ngati muli ndi njinga yaikulu, yozizira ndi madzi, yothamanga maulendo ataliatali pa msewu wa M1, synthetic ndi woyenera mtengo wake.

Njinga yatsopano iyambe ndi oyilo amene kampani yanena, ndipo woyambayo akhetsedwe msanga, kawirikawiri pakati pa makilomita 500 ndi 1,000, popeza amadzaza tizitsulo ta injini imene ikungoyamba kukhazikika.

Mankhwala owonjezera amene amagulitsidwa m'tizitini kuti akhuthalitse oyilo kapena kuthetsa utsi, ambiri anapangidwira magalimoto ndipo amatereretsa klatchi. Oyilo wabwino ali kale ndi zonse zofunika.

Chachisanu ndi chiwiri: samalani kumene mukugula

Zonse tawerengazi n'zopanda ntchito ngati za m'botolo si zimene zalembedwa kunja. Oyilo wopima m'mabotolo a madzi kapena a zakumwa, wogulitsidwa pa tebulo m'mbali mwa msewu, alibe nambala, alibe JASO, ndipo wogulitsayo mwina sakudziwa chimene chinali m'mgolo umene anatungamo. Ndikudziwa kuti amakopa chifukwa mungagule theka la lita ndi ndalama imene muli nayo madzulo amenewo mutapereka tageti kwa bwana. Koma yerekezani mtengo wa botolo lomata ndi mtengo wa pisitoni, malingi, mbale za klatchi, amakaniko, ndi masiku amene njinga idzakhale pa galaja osagwira ntchito.

Gulani pa filing'i siteshoni, kwa ogulitsa njinga a mtundu wanu, kapena m'shopu ya zipangizo imene yakhazikika. Mayina ngati Castrol, TotalEnergies, Shell Advance, Motul ndi Yamalube onse ali ndi oyilo wa 4T, koma dzina lokha lisakugonetseni, chifukwa mabotolo a mayina otchuka ndi amene achinyengo amatolera n'kudzazanso. Gwirani botolo m'manja. Kamkombero ka pansi pa chivindikiro kakhale kosaduka. Mukatsegula, pamene pali kapepala ka siliva kakhale komata bwino mbali zonse, kosaoneka kuti kamatidwanso ndi guluu. Zolemba zikhale zooneka bwino, nambala ya ku fakitale (batch) ndi tsiku lopangira zikhalepo. Oyilo watsopano amaonekera bwino mukamuthira pang'ono pa pepala loyera, alibe timiyala pansi, ndipo samveka fungo lopserera. Botolo la dzina lalikulu limene likugulitsidwa motchipa kwambiri kuposa kwina konse, likayikireni.

Mukapita kwa amakaniko, tengani botolo lanu, litsegulidwe inu mukuona. Likatha, libooleni pansi kuti lisakadzazidwenso.

Chachisanu ndi chitatu: thirani muyezo woyenera

Lizani injini kwa mphindi zitatu kapena zisanu kuti oyilo wakale afewe, zimitsani, imikani njinga pa stendi yapakati pamalo osapendekeka. Masulani bawuti yokhetsera, oyilo agwere m'chitini. Pa injini zotengera Honda CG, zimene zili pa njinga zambiri zochokera ku China, pali chivindikiro chachikulu m'munsi chokhala ndi sipuling'i ndi kasefa ka waya m'kati. Katulutseni, katsukeni, kaume, ndipo muone ngati kagwira tizitsulo tonyezimira. Tikachuluka, m'kati muli chimene chikudyeka. Pobwezera, washala akhale wabwino ndipo musamange bawuti ndi mphamvu zanu zonse, chifukwa thupi la injini ndi la aluminiyamu ndipo mazinga ake sachedwa kutha.

Thirani kuchuluka kumene kwalembedwa, osati botolo lonse chifukwa choti mwalipira. Lizani pang'ono, zimitsani, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako yezani njinga ili chilili. Pa njinga zambiri kandodo koyezera kamapukutidwa, n'kungokhazikidwa pakamwa osakapotokola, n'kutulutsidwanso. Oyilo afike pakati pa mizere iwiri. Zina zili ndi kagalasi pambali pa injini. Oyilo wopitirira muyezo amachita thovu, amakankha masiilo, ndipo amatha kukwera mpaka m'bokosi la sefa ya mpweya. Wochepa ndiye amanoketsa injini.

Chachisanu ndi chinayi: dziwani nthawi yosintha

Buku limapereka makilomita, koma pa tsamba lomwelo nthawi zambiri limanena kuti oyenda m'fumbi, onyamula katundu wolemera ndi oyenda maulendo afupiafupi asinthe msanga. Imeneyo ndi ntchito ya kabaza ndendende. Kwa oyilo wa mineral pa ntchito yotere, makilomita 1,500 mpaka 2,000 ndi malire abwino. Ngati mumayenda makilomita 100 pa tsiku kwa masiku 6 pa sabata, ndiye kuti pafupifupi masabata atatu alionse. Ngati wotchi ya makilomita inafa, monga zimakhalira pa njinga zambiri, lembani tsiku losinthira mu foni kapena pa kapepala pansi pa mpando, ndipo muziwerenga masiku.

Kuda kokha si umboni wakuti oyilo watha. Oyilo wabwino amada chifukwa akutsuka mwaye n'kuunyamula. Chimene chimakuuzani zoona kwambiri ndi phazi lanu: mano a magiya amadula oyilo pang'onopang'ono mpaka kupepuka, ndipo magiya amayamba kulimba, kugunda posintha, nyutulo n'kumavuta kupeza. Injini imayambanso kulira mouma kumutu.

Pali zinthu ziwiri zimene sizidikira makilomita. Oyilo akasanduka wotuwa ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi, kaya powoloka mtsinje nthawi ya dzinja kaya potsuka njinga ndi madzi amphamvu. Khetsani tsiku lomwelo, ndipo ngati watsopanoyo watuwanso, khetsaninso. Akamanunkha petulo ndipo muyezo ukukwera wokha, kabuleta ikudontha m'kati; ikonzeni, musinthe oyilo, ndipo muzitseka kampopi ka petulo usiku. Kupatula apo, yezani oyilo m'mawa uliwonse musananyamuke, ndipo powonjezera gwiritsani ntchito mtundu womwewo umene uli m'kati.

Oyilo wakale musamutaye m'ngalande, m'dimba kapena pafupi ndi chitsime, ndipo musamupake ziweto za mphere, chifukwa ali ndi tizitsulo ndi zotsalira za petulo zimene zimalowa pakhungu. Musungeni m'chigubu chotseka, kutali ndi ana, mukasiye pa galaja imene imasonkhanitsa oyilo wakale, ndipo mukamaliza ntchitoyi sambani m'manja ndi sopo, osati ndi petulo.